A Sajeni Ankapemphera Osatsinzina

Amene anawavundikira dengu kumutu ndine. Ndiyambire pamenepa, chifukwa pa maliro awo mwezi wathawu aliyense woimirira kulankhula ankangoti Mulungu anagwiritsa ntchito ngozi ina yake, ngati kuti ngoziyo ilibe dzina. Dzina ilinalo. Ndi Taku, mwana wa Joji wa ku fakitale ya tiyi, ndipo ngoziyo inakhala pamzere wachiwiri pomwepo ikutafuna chingamu.

Dzina lawo lenileni linali a Dayisoni Makwinja, koma mukanafunsa dzina limenelo mu komboni mwathu muno mu Honde anthu akanayamba ayang'anana kaye. Tonse tinkati a Sajeni. Usilikali sanaulowepo. Moyo wawo wonse unathera m'mizere ya tiyi, poyamba dengu lili kumsana, kenako ali kapitawo. Dzinalo analipeza chifukwa cha kayendedwe. Ankakweza bondo m'mwamba n'kumenyetsa chidendene pansi, phwa, phwa, miyendo atatangadza, maso ali pa jombo zawo ngati wina wawauza kuti zithawa. Unkawamva adakali kuseri kwa shedi yoyezerapo masamba. Tiana ta mu komboni tinkaguba m'mbuyo mwawo, iwo osatembenuka n'komwe ankangokuwa kuti, "Mbuzi inu, ngati mukuguba gubani mwendo umodzi!"

Bambo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mulanje. A Sajeni anabadwira konkuno, kumudziko anapitako kamodzi kokha kukaika maliro, komabe Chishona m'kamwa mwawo simunkatuluka. Ku Hauna wogulitsa m'sitolo akawalonjera m'Chimanyika, Chishona cha kuno, iwo ankayankha m'Chinyanja mpaka wogulitsayo anaphunzira yekha kunena kuti zikomo. Ankakonda kunena kuti munthu wosintha lilime pofuna kugula sopo, mawa adzasintha dzina pofuna mchere. Ine ndi anzanga timasakaniza zinenero ngati ndiwo za pa ukwati, ndiye ankatitcha ana a mleme.

Anali ndi timakhalidwe tina timene anthu ankatiwerenga ngati kunyada. Dzuwa likangotsamira phiri, iwo ali kale pakhomo ngati nkhuku. Kuchezera pa maliro sankapita, ankafika m'mawa kutawala. Kusamba kumaso ankakhala pansi pa kampando, beseni lili pakati pa miyendo, n'kusamba diso limodzi, kenako linalo. Nthawi zina ali mkati molankhula ankangoima, n'kugwira ntchafu, mano atalumana, thukuta lili kamukamu pamphumi. Ikapita mphindi ankati, "Mphezi yadutsa," n'kupitiriza chiganizo pomwe anachisiyira. Akazi awo, agogo Nabanda, anawathira mankhwala onse opaka a m'sitolo ndi masamba onse a m'phiri, koma mpheziyo inkabwerabe nthawi imene yafuna.

Koma chimene chinatidanitsa ine ndi iwo chinali pemphero. Kumpingo kwathu, tchalitchi cha njerwa cha anthu ochokera kumudzi, timapemphera chiimire, titatsinzina. A Sajeni anali mkulu wa mpingo, malo awo anali kumapeto kwa benchi ya akuluakulu, chikhatho chili pakhoma, maso ali tong'o. Mpingo wonse ukapita kumwamba, iwo ankatsala pansi pano kulondera. Ndinamangirira zingwe za nsapato za anyamata a kwaya, anandiona. Ndinasinthanitsa ana awiri ogona pamphasa kuti amayi awo asokonezeke, anandiona. Sankakuwa ayi. Ankadikira Ameni, anthu akungokhala pansi, ndiye mawu awo okhuthala aja: "Taku, bwezera." Tchalitchi chonse n'kutembenuka, amayi anga n'kundiyang'ana ndi diso lija lolonjeza zakunyumba.

Wina akawafunsa chifukwa chimene sankatsinzinira, ankati aonetsedwe lamulo lake, ndipo m'busa wa mbuzi akatsinzina amadzuka ali ndi zingwe zokha.

Munthu amene sankaseka yankho limeneli anali a Chimwaza, mkulu wa mpingo mnzawo, kale mlembi wa ku ofesi ya esiteti. Awiriwa anakangana zaka zambiri. A Chimwaza ankafuna ulaliki uzikhala m'Chishona kuti achinyamata asathawire kumatchalitchi a magitala, a Sajeni ankati Mulungu wa makolo awo anawoloka nawo malire akumva Chinyanja ndipo sanagonthe. Atalephera kuwagonjetsa pakamwa, a Chimwaza anayamba kuyang'ana miyendo. Ankanong'oneza anthu kuti kuyenda kotero n'kwa munthu wodziwa njira ya kwa mayi wina wophika kachasu ku Samanga. Kutabwera abusa atsopano, achichepere ochokera ku Mutare, manong'onong'owo anapeza khutu latsopano.

Tsiku la dengu linali Lamulungu lotsatira mvula yoyamba. Kuno tiyi akayamba kuphukira, othyola amabweretsa madengu awo kutchalitchi kuti awapempherere, kuti chaka chino njoka isalume munthu ndiponso sikelo isabe. Madenguwo amandandalikidwa panja, mpingo n'kuwazungulira. Panja palibe khoma. A Sajeni ndodo ankaikana, ankati n'ya nkhalamba, ndiye anaima okha atatangadza miyendo, kumbuyo kwawo kuli kakhoma ka khonde. M'mawa womwewo anali atandiyalutsa chifukwa cha bilimankhwe amene ndinamuika pa duku la amayi ena. Ndinati lero tione ngati maso amenewa amaboola nsungwi.

Abusa atangoti, "Titsinzine," ndinakwera kakhoma kaja, ndinanyamula dengu la amayi anga, n'kuwavundikira nalo mpaka m'mapewa.

Ndinkayembekeza kutukwanidwa. Ndinali nditasankha kale mzere wa tiyi wothawiramo. Koma iwo sanakuwe, sanavulenso dengulo. Anayamba kupendama pang'onopang'ono ngati bulugamu wodulidwa, manja akupalasa mpweya, miyendo ikuponda paliponse, kenako khuu, pamwamba pa madengu a mpingo wonse. Madengu anagubuduka, amayi anakuwa maiwe, abusa anameza Ameni.

"Mwadzionera nokha," anatero a Chimwaza. "Lamulungu m'mawa! Munthu wosaledzera akanangovula denguli."

A Sajeni anadzuka okha, anakankha dzanja la aliyense. Pogwa jombo imodzi inavuka, phazi n'kuponda chikwanje chimene wina anaika pansi pa dengu lake. Anavala jomboyo magazi ali chuchuchu, n'kuguba kupita kwawo, phwa, phwa, osatsimphina n'komwe. Zimenezi zinangomaliza mlandu. Anthu anati ndi chidakwa chokha chimene chingachekedwe chotero osamva.

Akulu a mpingo anaika tsiku lokamba nkhani yawo. Kwa ife ana zinkaoneka zazing'ono, koma amayi anga pondikwapula anandifotokozera bwinobwino, mawu amodzi pa chikoti chilichonse. Mkulu wopezeka ndi uchidakwa, akakana kulapa, amachotsedwa mumpingo. Munthu wochotsedwa akamwalira kwaya siimba, abusa safika, bokosi limapita kumanda mwakachetechete ngati la mlendo. A Sajeni anali atanyamula mabokosi a theka la komboni akuimba besi. Ndipo kulapa mowa umene sanamwe, aliyense wowadziwa ankadziwa kuti sangachite.

Phazi lija linatupa n'kuyamba kununkha. Mwana wawo Esinati, amene amagulitsa nthochi ku Hauna, anabwera kudzawakweza kombi, minibasi ya kuno, mokakamiza. Amayi anandipereka ine kuti ndikanyamule chikwama, akuti ndikaone zipatso za ntchito yanga. Kuchipatala cha ku Hauna Esinati anapita kukaima pamzere wa makadi, ndiye popeza a Sajeni Chishona sayankhula, womasulira ndinakhala ine.

Nesi anayamba kutsuka bala, kudula minofu yowola ndi kalumo. Ine ndinatembenukira kukhoma. A Sajeni ankamufunsa nesiyo, kudzera mwa ine, ngati kwawo mvula yagwa. Nesi anasiya kudula, anawayang'ana kumaso, n'kutuluka. Anabwera ndi dokotala, mayi wamfupi wovala matenesi.

"Sekuru, munagwa bwanji?"

"Muuze kuti anandigwetsa satana amene akumasulirayu."

Ndinamasulira mokhulupirika, satana ndi zonse. Dokotala anafuna kumva bwino. Dengulo linawakankha kapena linangowatseka maso? Ndinati linangowatseka maso, dengu la tiyi lopanda kanthu ngakhale mwana amanyamula. Anafunsa ngati usiku amayenda. Anafunsa ngati posamba kumaso amadzandira. Anafunsa ngati m'miyendo mumadutsa ululu wobaya mwadzidzidzi n'kutha. A Sajeni anandiyang'ana ngati ndawaulula, chikhalirecho ine sindinanene kanthu.

Kenako anawaimika pa phazi labwino ndi chidendene cha linalo, mapazi pamodzi, iye ndi nesi ataima mbali ndi mbali. Maso ali otsegula anaima ndithu. "Tsinzinani, sekuru." Anakana. Anawapempha kachiwiri. Atatsinzina, bulugamu uja anayambanso kugwa, nesi n'kuwawakha. Ine ndinalephera kudzigwira.

"Zimenezotu ndinayeza kale ine, ndi dengu!"

"Iwe mfana, ine poyeza ndimaimika munthu woti awakhe," anatero dokotala osandiyang'ana.

Anawakhazika pabedi miyendo ili lendelende, n'kugogoda pansi pa bondo ndi kanyundo ka labala. Mwendo unangokhala chete. Anagogoda bondo langa kuti aone kusiyana, langa linatsala pang'ono kumenya nesi. Anawaphimba maso ndi chikhatho, n'kugwira chala chachikulu cha kuphazi, kuchikweza, kuchitsitsa. "Chili m'mwamba kapena pansi?" A Sajeni anati chala chawo n'chawo, chili pomwe chimakhala. Anatulutsa kachitsulo ka mphanda, anakamenya, n'kukaika pa fupa la kakolo. Sanamve kunjenjemera kwake. Atakaika pa dzanja anadzidzimuka. Pomaliza anawaunika m'maso ndi tochi, n'kuitana nesi kuti aone. Timadontho takuda ta pakati pa diso tinali tating'ono, ndipo kuwala kwa tochi sikunatisunthe, koma atawauza kuti ayang'ane chala chake chikuyandikira mphuno, tinachepa.

"Funsa ngati wapeza kachasu," anatero a Sajeni.

Dokotala anati mowa ukhoza kuwononga miyendo, shuga nayenso, ndipo zonsezo ayeza, koma maso amenewa ndi mphezi imeneyi zikumulozera kwina. Kenako anandiuza kuti ndituluke, pali mafunso a akuluakulu. Ndinati nanga amasulira ndani. Nesi anandigwira khutu n'kunditulutsa. Chitseko chisanatsekeke ndinamva chinthu chimene sindidzaiwala: a Sajeni akuyankhula Chimanyika chosalala ngati anabadwira pa msika wa Hauna.

Anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Mutare. Kumeneko anawatenga magazi, anawabaya kumsana kutapa timadzi ta m'katimo, kenako anagonekedwa masabata awiri, penisilini akulowa pa diripi usana ndi usiku. Dzina la matendawo sindinalimve kwa dokotala. Ndinalimva monga mmene komboni yonse imamvera zinthu, kudzera m'makoma. Esinati ankawachonderera atabwerera.

"Baba, mungonena kuti ndi matenda a mitsempha ya kumsana. Si bodza. Pepala la kuchipatala ndikasunga ine."

"Chimwaza akafunsa kuti mitsemphayo yadyedwa ndi chiyani?"

"Mudzati ukalamba."

"Ndiye ndikane bodza lawo ndi bodza langa? Chindoko ndi chindoko. Ndinachitenga ndekha, ndichitchula ndekha."

Kenako kunamveka agogo Nabanda, mawu awo ali phee ngati akufunsa za nkhuni. Anati za ku Chipinge anazidziwa chaka chomwecho, pamene esiteti inatumiza amuna kukathandiza kutsegula minda kumeneko. Anati mwamuna wawo anabwerako ndi malaya okhala ndi zigamba zosokedwa ndi dzanja lina, lodziwa kusoka bwino kuposa lawo. "Ndinadikira kuti munene nokha. Sindinkadziwa kuti mudikira mpaka miyendo ikunenereni." M'mawa mwake anavala nsalu yawo yabwino n'kukwera kombi kukayezetsa. Nawonso analandira jakisoni zawo, ndipo kwa mwezi wathunthu a Sajeni ankadziphikira okha tiyi.

Tsiku la mlandu akulu ankafuna kukambira m'kachipinda ka kumbuyo. A Sajeni anakana. Anati anagwa pamaso pa mpingo wonse, adzadzukanso pamaso pa mpingo wonse. Anaguba mpaka kutsogolo, phazi lili m'bandeji, n'kuitana a Chimwaza kuti abwere adzawanunkhize m'kamwa. A Chimwaza anati sikofunika. A Sajeni anati ndikofunika. Ananunkhiza. Kenako a Sajeni anandikodola ine kuti ndiime kumbuyo kwawo, anaika mapazi pamodzi, natsinzina. Anandigwera ngati thumba la feteleza.

Ataima bwino anafotokoza monga mmene dokotala anawafotokozera, koma m'mawu awoawo. Anati mumsana muli njira imene mapazi amatumizira mawu kumutu, kunena kuti tili apa, taponda apa. Mwa iwo njirayo inadyedwa, mapazi akuyankhula koma mawu sakufika. Ndiye maso ndi amene akhala akugwira ganyu ya mapazi zaka zonsezi. Ukawatseka maso, wawadula miyendo.

"Ndiye yadyedwa ndi chiyani?" anafunsa a Chimwaza, ndendende monga ananenera.

"Chindoko."

Amayi ena anatseka ana awo makutu. Abusa anayang'ana denga. A Sajeni anapitiriza osatsitsa mawu. Anati kanali kachilonda kakang'ono kosapweteka, kanapola kokha, iwo n'kuyesa kuti zatha. Chikhalirecho kachilombo kanangolowa m'kati n'kukhala chete zaka zoposa za mwana aliyense wa mu kwaya, kakudya msana pang'onopang'ono.

"Mowa sindinaulawepo chibadwire. Chimene ndinalawa n'china, ndipo mkazi wanga ndamupepesa. Mukafuna kundilanga ndilangeni pa chimene ndinachita. Pa kachasu wa Chimwaza sindilapa, mukhoza kundiika m'manda popanda nyimbo." Anatembenukira benchi ya akuluakulu, n'kuwayang'ana mmodzimmodzi ndi timaso tawo tating'ono tija. "Komanso lole imene inapita ku Chipinge sindinakwere ndekha. Wa matenesi uja akuti magazi amanena ngakhale miyendo isanayambe. Ine ndachedwa. Ena simunachedwe."

Sindinaonepo akuluakulu ambiri chotero akuchita chidwi ndi nsapato zawo.

Mlandu wa mowa unafera pomwepo. Pa za ku Chipinge anawapatsa miyezi ingapo yokhala benchi ya kumbuyo osadya mgonero. Anavomera, ndipo Lamulungu lililonse ankafika mochedwa dala kuti agube tchalitchi chonse chikumva, phwa, phwa, n'kukakhala kumbuyoko ngati ndi mpando wa ulemu. Masabata otsatira kombi ya m'mawa yopita ku Hauna inkadzaza ndi madala opita kukagula mbewu. A Chimwaza anakagula mbewu kawiri, chikhalirecho alibe munda. Wina wa madalawo anabwera yekha kwa a Sajeni ndi nkhuku, sananene chifukwa chake, iwonso sanafunse.

Miyendo sinabwerere. Dokotala anali atawauziratu kuti mankhwala amapha kachilombo koma samanganso chimene chadyedwa. Mphezi inkadutsabe, kungoti tsopano inali ndi dzina, ndipo ankaitukwana potchula dzinalo, ngakhale pa msika. Esinati ankabisa nkhope. Iwo ankati matenda amanenepa ukamawapatsa ulemu. Anakhala zaka zina ziwiri akukangana ndi a Chimwaza za Chishona, mpaka chibayo cha chisanu chapitachi chinawatenga. Pa maliro awo kwaya inaimba kuchokera pakhomo mpaka kumanda, abusa ali patsogolo, ndipo besi anaimba ndi a Chimwaza, molakwitsa mawu.

Tsono za chilango changa. Chikoti cha amayi sichikuwerengedwa, chimenecho ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku. Akulu a mpingo atamaliza ndi a Sajeni anakumbukira kuti panalinso nkhani ya dengu. Ena anati ndikalambule manda, ena anati ndikolope tchalitchi chaka chonse. A Sajeni anati ayi, wolakwiridwa ndi iwo, agamula okha. Anati popeza mnyamatayu akufunitsitsa kuti iwo azitsinzina, azitsinzinadi. Pemphero lililonse ndiziima pambali pawo, iwo agwire phewa langa.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Mlonda yekhayo wa tchalitchi chonse akudzitseka maso yekha, ine ndili ndi dzanja limodzi lomasuka.

Lamulungu loyamba abusa atati titsinzine, chikhatho chawo chinatera paphewa langa, cholemera, chokhakhala ngati khungwa. Anapendama pang'ono, zala zinandilowa m'fupa, kenako anakhazikika. Ndinawayang'ana. Maso anali otseka, milomo ikuyenda, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene watula dengu pa sikelo. Ndinawapatsa mphindi imodzi yaulemu. Kenako ndinatambasula dzanja mwakachetechete kuti ndichotse chipewa cha a Chimwaza, amene tsikulo anachedwa n'kukhala pafupi nafe, pa benchi n'kuikapo chipatso cha peyala chakupsa.

Ameni atamveka, maso awo adakali otseka, anati, "Taku, bwezera."

Mapazi ndi amene anagontha. Manja ankamva chilichonse.

Atabwezeretsedwa pa benchi ya akuluakulu ndinasamuka nawo. Pakhoma pamenepo pali banga lakuda, lonyezimira, pomwe chikhatho chawo chinatsamira zaka zonse zija ndisanalembedwe ntchito. Amayi okolopa amalizungulira, salichotsa. Kumapeto kwa benchiyo palibe amene wakhalapo, ndipo simenti ya pansi pake ili ndi kadzenje ka chidendene. Ine ndimaimabe pomwepo, chifukwa palibe amene wandiuza kuti chilango chatha, ndipo sindinafunse. Phewa limapepuka moti nthawi zina ndimapendama ndine. Mpingo ukatsinzina ine ndimakhala maso ali tong'o. Sabata yatha ndinaona kamwana ka Esinati kakukwawira ku zingwe za nsapato za anyamata a kwaya. Ndinakasiya kamalize mfundo zonse bwinobwino, ndinadikira Ameni, kenako ndinakhuthalitsa mawu.